Mayi Evelina Gwedeza ndi Maliro a Bambo Awo

Abusa, akuluampingo, abale ndi alongo amene mwachokera ku Indianapolis, ku Chicago ndi konkuno ku South Bend, komanso inu akumudzi amene mukutionera pa foni, ndaima pano kuti ndiwerenge mbiri ya malemu Mayi Evelina Gwedeza. Ine ndine Ida, mlamu wawo, mlongo wa malemu amuna awo. Ana anasankha ineyo chifukwa akudziwa kuti sinditafuna mawu. Wina akakhumudwa lero andikhululukire, akapanda kutero zili kwa iye.

Malemu anabadwa m'mwezi wa Januwale chaka cha 1943, m'mudzi mwa Kanyenda, kwa Mfumu Yaikulu Kaphuka, m'boma la Dedza. Mayi awo anali a Magadalena, bambo awo a Shadrick Kambalame, mkamwini wochokera mudzi wa kutsidya kwa mtsinje. M'banjamo anabadwamo okha, ndipo bambo awowo sanawaonepo ndi maso. A Shadrick anachoka pamudzi m'nyengo yozizira ya 1942, akazi awo ali ndi pakati, kupita ku Beira kukagwira ntchito padoko monga ankachitira anyamata ambiri masiku amenewo. Ananyamula bulangete ndi bangwe wawo, poti anali munthu woimba, nalonjeza kubwera mvula isanagwe. Mvula inagwa, mwana anabadwa, munthu osaoneka.

Chaka chotsatira kunafika bambo wina wochokera ku Beira komweko. Iye anati a Shadrick anasiya ntchito ya padoko n'kulowa m'sitima ya pamadzi yonyamula katundu, kukathira malasha pa ng'anjo, ndipo kuti padoko pankamveka zoti sitimayo inamizidwa pankhondo. Dzina la sitimayo sanalidziwe. A Magadalena anathamanga nawo uthengawo kwa ankhoswe, ankhoswe anapita nawo kwa akuchimuna. Akuchimuna anangoseka. Anati wobweretsa uthengayo ndi chidakwa, m'bale wawo ali moyo, wadutsa wapita ku Joni ndipo wapezako mkazi wodziwa kusamala mwamuna. Anati ndi mtchona basi, mmodzi wa aja amapita kunja n'kuiwala kwawo, ndipo maliro a mtchona palibe amawalira.

Ana obadwira kuno, tcherani khutu, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Kwathu maliro a mwamuna si a mkazi wake, si a ana ake. Eni ake ndi akwawo kumene anabadwira: amalume ake, alongo ake ndi ana a alongo akewo. Amenewo ndiwo amalengeza kuti munthu wamwalira, ndiwo amaitanitsa kumeta, ndiwo amasudzula mkazi wamasiye, ndiye kuti kumumasula kuti akhale mfulu, akafuna akwatiwenso. Iwo akanena kuti munthu sanafe ndiye kuti sanafe, ngakhale ali pansi pa nyanja.

Choncho a Magadalena sanasudzulidwe. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri, ndipo kuyambira pamenepo sanali mkazi wa pabanja, sanalinso wamasiye. Amuna ankabwera kudzafunsira, koma kumpingo sakanadalitsa ukwati wina mwamuna woyamba akuti ali moyo. Kumtsinje amayi anzawo ankanong'onezana kuti anathawitsa mwamuna ndi pakamwa. Malemu anakula akumva zimenezi, ndipo dzina lawo pabwalo la masewera linali mwana wa mtchona.

Sukulu anayamba pa mishoni m'chaka cha 1951, mayi awo akuwaphunzitsa ndi ndalama za mbatata ya kachewere imene ankalima kudimba. Anamaliza Sitandade 6 mu 1959, nasankhidwa kukachita maphunziro a unamwino ndi uzamba. Anagwira ntchito m'zipatala za ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Lilongwe. Anali mzamba wa dzanja lofewa koma wa maso akuthwa, ndipo mwamuna wosiya mkazi wake yekha pachipatala ankamutumizira uthenga woti sakanaufotokoza kwa anzake.

Mu 1966 anakwatiwa ndi achimwene anga, a Chester Gwedeza, amene panthawiyo anali mphunzitsi. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, Belinda, Bongani ndi Sophia. Paukwatiwo akwawo kwa a Shadrick anabwera, nakhala kutsogolo, nadya mpaka kumasula malamba. Ine ndinali kamtsikana koperekera mbale, ndinawaona ndi maso angawa.

A Magadalena anamwalira mu 1984. Pamaliro awo panaima munthu monga ndaimira ine pano, ndipo pofika pa otsala anawerenga kuti malemu asiya mwana mmodzi, zidzukulu zitatu, ndi amuna awo a Shadrick Kambalame amene ali ku Joni. Abale anga, munthu wagona m'bokosi atakhala yekha zaka zoposa makumi anayi, inu n'kumunena kuti wasiya mwamuna! Pamanda si pokangana, koma mawu amenewo anawakhala Mayi Evelina pamtima moyo wawo wonse.

Banja linafika kuno ku South Bend mu 1988, pamene a Chester anabwera kudzawonjezera maphunziro, kenako n'kupeza ntchito pa yunivesite. Mapepala a uzamba a malemu kuno sanawalandire. Munthu amene anabadwitsa ana osawerengeka anayambiranso pansi, kusambitsa ndi kudyetsa nkhalamba m'nyumba yosamalira okalamba. Sanadandaule. Ine nditafika mu 1995 anandilowetsa ntchito komweko, ndipo tinagwira limodzi mashifiti kwa zaka zambiri. Kumpingo anali mtsogoleri wa amayi, ndipo ambiri a inu amene lero muli ndi nyumba zanu munagonapo pabalaza pawo mutangotsika ndege, jekete la chisanu loyamba anakuvekani ndi iwo.

A Chester anatisiya mu 2007, ndipo thupi lawo tinalitumiza kumudzi. Kumeneko ife akuchimuna tinachita mwambo wonse. Tinaika maliro, tinameta, ndipo m'mawa wina amalume athu anakhazika Mayi Evelina pamphasa n'kuwasudzula mwaulemu pamaso pa ankhoswe. Tikuchoka pamenepo malemu anandigwira dzanja nati, "Alamu, chimene mwandichitira m'mawa umodzi, mayi anga anachidikira mpaka kumanda." Pobwerera kuno anali ataganiza kale. Ankafuna kudziwa kumene bambo awo anafera, kuti akuchimuna alire malirowo ndipo dzina loti mtchona lichoke.

Atangoritaya mu 2008 anayamba. Munthu wa zaka 65, wosadziwa ngakhale poyatsira kompyuta, ankakwera basi kupita ku laibulale ya m'tauni muno mpaka anaphunzira. Ankakwera sitima pa siteshoni ya ku eyapoti kupita ku Chicago kukawerenga nyuzipepala zakale za nthawi ya nkhondo. Analembera maofesi osunga mbiri za masitima ku Mangalande. Mayankho ankabwera aulemu kwambiri, koma opanda kanthu. Mayina a akuluakulu a m'sitima analipo, ophika analipo, koma anthu akuda olembedwa ntchito panjira m'madoko a kwathu kuti akathire malasha, m'mapepala amene anawatumizira munalibe. Munthu woti sitima singayende popanda thukuta lake, koma dzina lake cholembera chinamuthera inki! Asa!

Wina akanataya mtima pomwepo. Malemu anati ngati munthu sanalembedwe, sitima ndiye inalembedwa, asaka sitimayo. Anayamba kulondola sitima iliyonse imene inanyamuka ku Beira m'miyezi yomaliza ya 1942: kumene inapangidwa, zimene inkanyamula, kumene inathera. Atasamukira kwa Belinda ku Indianapolis mu 2013, cha ku Lafayette Road kuja, khoma lonse la kuchipinda kwawo linali mapu a nyanja ya pakati pa Beira ndi Durban. Ukapita kukacheza unkachoka utadziwa kusiyana kwa sitima ya malasha ndi ya mafuta, ufune usafune.

Ndiye apa ndi pamene ndikufuna ndinene mosapsatira. Munawapatsa dzina. Munkawatcha Akaputeni. Akalowa m'sitolo ija timagulako nyemba ndi usipa, munkagundana zigongono. Pa maphwando a ana munkawafunsa dala kuti sitima yafika pati lero, iwo n'kuyamba kufotokoza ndi mtima wonse, inu mukutsinzinirana. Mayi wina anachita kumukokera pambali Belinda kumuuza kuti akawapimitse mayi ake, mutu wayamba kuzungulira. Muli pompano, mwavala zakuda bwinobwino, ndipo mwaimba bwino m'tchalitchi muja. Dziwani kuti ankamva zonse. Ankangoti, "Asiyeni alamu, awo bambo awo ali ndi manda."

Mu 2017, kudzera m'gulu la pa intaneti la ana a anthu ogwira ntchito m'masitima a nthawi ya nkhondo, anadziwana ndi mayi wina wa ku Scotland. Bambo a mayiyo anali injiniya m'sitima yotchedwa Corran Vale, imodzi mwa zimene malemu ankazikayikira, ndipo asanamwalire mwana wawoyo anawajambula mawu pa kaseti akusimba za nkhondo. Mayiyo anatumiza mawuwo pa foni. Sitimayo inapangidwa mu 1924, inkanyamula shuga, ndipo nkhondo itayamba inkanyamula miyala ya mkuwa. M'mawuwo nkhalambayo inasimba za mnyamata amene anamulemba ntchito ku Beira, wochokera ku Nyasalande, dzina lake Shadrick. Inati akaweruka ku ng'anjo ankakhala panja n'kumaimba kathabwa kamawaya, ndipo kuti aliyense m'sitimamo ankadziwa kuti mkazi wake ndi woyembekezera, chifukwa sankatopa kunena. Anali atawauza kale kuti sitima ikabwerera ku Beira atsika, azipita kwawo.

Siinabwerere. M'mwezi wa Novembala 1942, pa ulendo wa ku Durban, sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi inaiponyera bomba, ndipo linamenya pomwe panali ng'anjo. A Shadrick anali pa shifiti. Nkhalambayo inati mwa amene anali pansi palibe anatuluka. Eni sitima anadziwitsa mabanja a azungu amene anafa, koma ku Dedza sikunafike ngakhale mawu amodzi. Anatenga mwana wa eni, anamuika kumoto, ndipo atafa sanaone chifukwa chofunsira kwawo.

Malemu anamvera mawuwo m'khichini mwa Belinda, kenako anandiimbira foni. Sanalire. Anangoti, "Alamu, bambo anga ankabwera." Ine ndi amene ndinalira, ndili pa ntchito, mpaka anzanga anandituma kunyumba.

Chaka cha 2018 anakwera ndege kupita kumudzi, nasonkhanitsa akwawo kwa a Shadrick. Amene anaseka mu 1943 anali atapita onse. Mwini mbumba tsopano anali mdzukulu wa mlongo wa a Shadrick. Dzina lawo sinditchula, akudzidziwa, ndipo ndauzidwa kuti akuonera. Malemu sanapemphe munda, sanapemphe mbuzi. Anapempha kuti eni ake alengeze maliro, amete, aike mwala kumanda kwawo, ndipo mmodzi apite pamanda a a Magadalena akanene kuti munali wamasiye, takumasulani. Anawayatsira mawu aja, mphunzitsi wina akumasulira.

Mukudziwa chimene anayankhidwa? Akuti mawu a mzungu a pa foni si mtembo. Akuti kulira maliro opanda mtembo kumaitana imfa pamudzi. Ndipo pomaliza akuti inu ndinu mwana chabe, za ku mbumba kwathu sizikukukhudzani. Mayi wa zaka 75 kutchedwa mwana ndi munthu amene iwo omwewo anamubadwitsa pachipatala cha ku Dedza, n'kumudula mchombo ndi manja awo! Koma abale, manyazi anathawira kuti? Chimene ankaopa tonse tikuchidziwa. Kuvomera kuti a Shadrick anafa kunali kuvomera kuti agogo awo anamulakwira mtsikana uja, ndipo anaona kuti kuli bwino munthu akhalebe mtchona kusiyana ndi kuti iwo apepese.

Malemu sanatukwane, ineyo ndikanatukwana. Anawapatsa ulemu wonse, nabwerera kuno ndi lonjezo loti nkhaniyo ikambidwa mvula ikatha. Mvula inatha, inagwanso, inathanso. Kunabwera mliri wa Covid, eni ake anapeza pothawira. Pambuyo pake foni yawo inkangolira osayankhidwa, koma ikakhala nkhani yofuna thandizo kuchokera kuno, netiweki inkagwira bwino zedi.

Kudwala kunayamba chakumapeto kwa 2023. Madokotala a ku Indianapolis anapeza khansa ya m'chiwindi, itafalikira kale. Belinda ndi Sophia ankasinthana pa chipatala, Bongani akudraiva kuchokera kuno Loweruka lililonse. Tonse tinkadziwa kumene malemu ankafuna kukagona. Kuyambira kalekale ankanena kuti adzaikidwe ku Kanyenda pambali pa mayi awo, ndipo malo ake anali atatisonyeza.

Tsiku lina masana, tonse tili m'chipinda chawo kuchipatala, malemu anamufunsa Bongani kuti kuno ku America mwini maliro ndi ndani. Bongani anayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana athuwa, kuti ndi ana a womwalirayo. Anafunsanso ngati pali wina angaletse zimene ana alemba pamwala, kapena zimene zinenedwe pamanda. Anati palibe. Pamenepo malemu anati, "Ndiye mundiike konkuno. Mukanditumiza kwathu, maliro anga akakhala m'manja mwa ena, ndipo omwe aja akakhala kutsogolo. Kuno mwana ali ndi mphamvu yoika kholo lake. Ndiika bambo anga, ndikagona nawo dzenje limodzi."

Ndinalimbana nawo. Ndinawakumbutsa za mayi awo, za amuna awo amene ali kumudzi, za chisanu cha dothi la kuno. Ndinati alamu, zaka zonsezi mwakhala mukulakalaka kukagona pafupi ndi a Magadalena. Pamenepo ndi pamene ndinawaona akulira, koyamba pa nkhani yonseyi. Anati akudziwa, ndipo zikuwawawa kuposa matendawo, koma sangakagone pambali pa mayi awo chimanjamanja. Sanasinthe maganizo mpaka anatsinzina pa 9 Epulo chaka chino cha 2024, ali ndi zaka 81, ana awo onse ali pambali.

Chimwalirireni ndamva zambiri. Ndamva kuti anawa asanduka azungu, alephera kutumiza mayi awo kwawo. Ndamva kuti gulu lathu lothandizana pa maliro linalephera kusonkha. Ndipo kuchokera kumudzi kwafika mawu oti nayenso Evelina watchona ngati bambo ake. Zonsezo ndi bodza. Anawa akanatha kuwatumiza, ndipo analira pofuna kutero, koma anamvera mayi awo. Malemu sanaiwale kwawo. Anasiya malo awo pafupi ndi mayi awo chifukwa anthu ena anakanika kunena mawu ochepa chabe. Ngati lero mzamba wa ku Dedza akuikidwa ku Indiana, amene mwamuika kuno ndi inu mukuonera pa foninu, ndipo musayang'ane kumbali.

Tsono, ndi mphamvu imene malemu anasiyira ana awo, ndipo anawo andituma ine, ndikulengeza pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu nonse kuti a Shadrick Kambalame, wothira malasha m'sitima ya Corran Vale, anamwalira m'mwezi wa Novembala 1942 ali pa ntchito, akukonzekera kubwerera kwa mkazi wawo. Sanali mtchona. Akazi awo a Magadalena anali amasiye, ndipo palibe chimene analakwa. Maliro a a Shadrick ndi anowa. Nkhata zimene mukuziona apo ndi za anthu awiri, pamwala padzalembedwa mayina awiri, ndipo mawa m'mawa kunyumba kwa Bongani kuli kumeta. Amene munkafunsa kuti sitima yafika pati, bwerani.

Mayi Evelina Gwedeza asiya ana atatu, Belinda, Bongani ndi Sophia, apongozi atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, zidzukulutudzi ziwiri, Atupele ndi Tusekele, abale a kuchikazi ku Kanyenda, ndi ine mlamu wawo. A Shadrick Kambalame anasiya mwana mmodzi yekha, ndi amene wagona apayu.

Apumule mu mtendere, iwo ndi bambo awo.